Chaka Chimene Ndinkakwirira Zitini kwa Apwitikizi

Ndinauza mkazi wanga Enelesi kuti ndikupita tili pa mpopi wa ku Matero, iye akutsuka ndowa. Sindinafune kunenera kunyumba, chifukwa kunyumbako kunali bambo anga, ndipo akanandidula mawu ndisanamalize. Bambo anali a ku Ntcheu. Anabwera ku Lusaka pa ntchito ya njanji ine ndisanabadwe, koma dziko la Apwitikizi ankalidziwa bwino, popeza malire ake anali kuseri kwa munda wa kwawo.

Zinali m'zaka za Chitaganya. Ndinkagwira ntchito kwa mzungu wina wokumba zitsime ndi makina, ndipo chaka chimenecho ntchito inachepa. Tsiku lina anatiitana n'kunena kuti wagwirizana ndi kampani yofufuza mafuta a galimoto pansi pa nthaka, kumwera kwa Beira. Wofuna apite naye, wosafuna alandire chitupa chake azipita. Nyumba yathu inali ya kansala, ndipo munthu wopanda ntchito sankachedwamo.

Enelesi anaimika ndowa n'kundiyang'ana.

"Manje ine nizasala na ndani?"

"Na atate, na mwana wathu Maliya. Ni chaka chimodzi chabe."

"Kuja kumabwela mbiri chabe, anthu sabwelako," anatero, n'kusenza madzi ake.

Mantha ndinali nawo kuposa iye. N'chifukwa chake ndinanyengerera Lazalo Tembo, mnzanga wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu, kuti tipitire limodzi. Iye anali ndi ntchito yake yabwinobwino pa sitolo ya Mmwenye, ndipo ankakhala ndi mayi ake okha, amasiye ochokera ku Petauke. Ndinamuuza za malipiro. Ndinamuuza za nyanja ya mchere imene tonse tinali tisanaione. Zakuti ndikuopa kupita ndekha sindinamuuze.

Tinayenda masiku anayi pamwamba pa lole, titakhalira mapaipi. Nyanja sitinaione n'komwe. Msasa unali pa chidikha cha mchenga, cha udzu wautali ndi mitengo ya migwalangwa, kotentha moti chitsulo sunkachigwira masana. Titangotsika anatilanda zitupa n'kukazitsekera m'bokosi la mu ofesi. Kapitawo wathu anali Zuze, Msena wa ku Beira. Chilankhulo chake tinkachimva ndithu. Anatifunsa ngati taona anthu aja amaphwanya miyala m'mbali mwa msewu, atavala masaka, msilikali ali chilili ndi chikoti.

"Ndi a chibalo amenewo," anatero. "Kuno munthu akachotsedwa ntchito sapita kwawo. Amapita ku boma, ndipo boma lili ndi misewu yambiri yofuna anthu."

Ine ndinkaganiza kuti ndikakhala pa makina okumba, koma ataona kuti ndimawerenga manambala ndiponso ndimamvako Chingerezi, anandiika ku zitini. Lazalo anamupatsa mbendera yofiira kuti azitseka njira za anthu nthawi yophulitsa.

Ntchitoyo inali chonchi. Okumba ankaboola dzenje lakuya n'kuikamo bomba. Ife tinkayala chingwe chachitali kudutsa m'tchire, mbali zonse ziwiri za dzenjelo, ndipo pa chingwecho tinkalumikiza tizitini tachitsulo tokhala ndi msomali kunsi. Azungu ankati jiyofoni, ife tinkangoti zitini. Zitinizo zinkamva kugwedezeka kulikonse kwa nthaka n'kutumiza ku galimoto yotsekedwa ponseponse, mmene munkakhala mzungu wa makina. Popeza ankakhala mumdima dzuwa likuswa mtengo, tinamutcha Kadzidzi. Bomba likaphulika, mawu ake ankatsika pansi penipeni, n'kukagunda miyala, n'kubwerera, ngati mmene zimakhalira ukakuwa pakati pa mapiri. Mawu obwererawo ndiwo Kadzidzi ankafuna. Ankatuluka pa pepala lalitali lonyowa, lokhala ndi mizere makumi awiri ndi inayi, ndipo mzere uliwonse unali ndi mwini wake pakati pathu. Wanga unali nambala leveni, pafupi ndi mabomba.

Vuto linali lakuti mawu a pansiwo ndi ofooka kwambiri. China chilichonse chinkawaphimba: mphepo mu udzu, injini ya lole, ng'ombe, phazi la munthu. Zonsezo Kadzidzi ankangozitcha phokoso, ndipo moyo wathu wonse unali wolimbana nalo. Chitini chinkafunika kulowa chilili, osapendekeka, udzu wozungulira tizule, kenako tichikwirire ndi mchenga kuti mphepo isachikhudze. Tinkaphulitsa m'mawa mphepo isanadzuke. Lipenga likalira, injini zonse zinkazima, ndipo munthu aliyense ankauma pamene waimapo. Ntchentche ikulume, njoka idutse pamapazi, usasunthe. M'galimoto muja munali timadontho towala, limodzi pa mzere uliwonse, ndipo Kadzidzi sankalamula kuphulitsa mpaka timadontho tonse titakhala bata. Dontho lako likavina, ankadziwa kuti ndiwe.

Mdzukulu wanga amene anaphunzira za miyala amandiuza kuti masiku ano phokoso lambiri amalichotsa ali mu ofesi, pa kompyuta. Ngakhale nthawi imeneyo Kadzidzi anali ndi tepi imene ankaibwereza ku msasa, n'kumatembenuza timabatani kuti asefe kugunda kwa mawu akuluakulu. Koma ankakonda kunena kuti sefa siingabweze chimene phazi la munthu lawononga. Choncho sefa yoyamba tinali ife, anthu oima mu udzu tikupuma pang'onopang'ono.

Mwezi wachiwiri dontho langa linayamba kuvina. Tsiku loyamba Zuze anangondikalipira. Lachiwiri anandionetsa pepala, mzere wanga uli ngati popalasa nkhuku, ina yonse ili bwino. Ndinalumbira kuti sindinasunthe.

"Pepala silinama. Mawa likatero, uzikafotokozera ku boma."

Chakudya sichinalowe tsiku limenelo. M'mawa mwake ndinafika pa nambala yanga anzanga asanafike, ndinagwada n'kuika chikhatho pansi pafupi ndi chitini. Kamphepo kanawomba, mgwalangwa umene unali chapafupi unagwedezeka, ndipo ndinamva nthaka ikusuntha pang'ono m'dzanja langa. Ndinafukula ndi zala n'kupeza mizu yopyapyala yambirimbiri itazungulira msomali wa chitini. Masiku atatu onsewo mzere wathu unkadutsa m'migwalangwa, ndipo ine ndinkasankha dala pamthunzi. Ndinakauza Kadzidzi m'Chingerezi changa chothyokathyoka. Anabwera, anagwada nayenso, kenako analamula kuti chitini chisamaikidwenso pansi pa mtengo. Sanandiyamike, koma kuyambira tsiku limenelo ankandidziwa dzina.

Makalata ndinkalemba Lamlungu lililonse. Ndalama zinkapita kudzera ku ofesi ya kampani, ine ndinkangotumiza mawu. Za mantha sindinkalemba. Ndinkalemba zodzitama, kuti a ku Matero adziwe kuti Yotamu Phiri ali pa ntchito ya nzeru. Ndinalemba kuti tili ndi galimoto yopanda mawindo, mkati mwake muli kanyale kofiira ndi mabotolo a mankhwala. Ndinalemba kuti timayala mawaya pafupi ndi midzi mbandakucha, ndipo anthu akationa amathawa. Enelesi sankawerenga, maso a bambo anali atayamba kuchita khungu, choncho makalatawo ankawawerengera mkulu wina wa mpingo, pakhonde, aliyense wodutsa akumva. Mayankho ankalembanso mkulu yemweyo, ndipo ankangoti onse ali bwino, Maliya wamera dzino lina. Ndinkawawerenga mpaka kung'ambika m'mapindo. Lamlungu masana ine ndi Lazalo tinkakhala pansi pa lole, iye n'kumatchula mayina a nyumba zonse za mu mzere wathu ku Matero, imodzi ndi imodzi, ngati akuyenda wapansi kuchokera ku msika.

Titalowa pakati pa chidikha, mapepala anayamba kutuluka oipa onse, popanda wosuntha. Kadzidzi anatisonkhanitsa n'kufotokoza, ine ndikumasulira. Anati mchenga wa pamenepo ndi wofewa, ndipo bomba likaphulika limatumiza funde lamphamvu loyenda pamwamba pa nthaka, limene likuphimba mawu a pansi. Mankhwala ake anali akuti pa nambala iliyonse tiziika zitini khumi ndi ziwiri m'malo mwa chimodzi, pa mzere, motalikirana mapazi owerengeka, zonse pa waya umodzi. Funde la pamwamba lidzafika pa chitini chimodzi ndi chimodzi, china likuchikweza china likuchitsitsa, ndipo pa waya zidzafafanizana. Koma mawu ochokera pansi adzafika pa zonse nthawi imodzi, n'kuphatikizana. Chimodzimodzinso mabomba: m'malo mwa dzenje limodzi, maenje asanu ndi anayi omwazikana, ophulika pamodzi.

Zinathandizadi. Mapepala anayera, ndipo ndinamuona Kadzidzi akuseka koyamba. Koma kwa ife zinatanthauza bwalo lalikulu lodzaza mabomba, lobisika mu udzu, limene wophulitsa sankatha kuliona lonse kuchokera pamene ankabisala. Timawaya ta mabomba tinali paliponse. Ambendera sanawonjezere. Lazalo, amene kale ankatseka njira imodzi, tsopano ankayang'anira mbali yonse ya kum'mawa yekha. Anandiuza kuti wayamba kulota akuthamangira anthu amene sakumumva.

Tsiku limenelo tinachedwa, dzuwa linali litakwera. Nambala yanga inagwera pa kamtunda ka chulu chakale, ndipo ndinkaona bwalo la mabomba lonse pansi panga. Lipenga linalira. Injini zinazima. Ndinauma.

Kenako ndinaona udzu ukugawanika kum'mawa. Anatulukira mayi, mtolo wa nkhuni pamutu, mwana kumsana. Ankatsata kanjira ka mbuzi kolowera pakati penipeni pa maenje. Lazalo anali kutali, pa njira yaikulu, atafulatira.

Ndiyenera kunena zoona: sindinachite kanthu msanga. Ndinaima pomwepo, m'maganizo ndikuona masaka aja a anthu a chibalo. Ndinaganiza kuti mwina akhota. Ndinaganiza kuti mwina wina amuona. Mayiyo anadutsa dzenje loyamba. Ndinayesa kukuwa, koma mawu anatuluka ngati a mwanapiye, ndipo ngakhale akanatuluka bwino, wophulitsa anali atavala zomvera m'makutu, akudikira mawu amodzi okha a Kadzidzi.

Chimene ndinachita sindinachiganize. Ndinalumphira pa zitini zanga n'kuyamba kuponda. Ndinathamanga mu mzere wonse ndikudumpha ngati wamisala, ndikumenya nthaka ndi zidendene, kubwerera, kupondanso. Maso ndinatsinzina, ndikudikira kuphulika. Sindikudziwa kuti ndinavina nthawi yotalika bwanji. Nditatsegula maso, bwalo linali zii, mabomba osaphulika, ndipo mtolo wa nkhuni unali ukulowa mu udzu wa kumadzulo. Ndinakhala pansi n'kusanza.

Zuze anafika akuthamanga, ndipo asanafunse anandiwomba khofi. Kadzidzi anabwera pambuyo pake pamodzi ndi mzungu wamkulu wa msasa. Zitini zinayi ndinali nditazithyola misomali. Ndinafotokoza za mayi uja. Anayang'ana uku ndi uku, panalibe munthu. Anaitana Lazalo.

"Kumbali yako kwadutsa munthu?"

Lazalo anandiyang'ana.

"Iyayi bwana. Sikunapite munthu."

Sindinamudabwe. Tonse tinkadziwa kuti pa awirife mmodzi akwera galimoto yopita ku boma. Mzungu wamkulu anauza Zuze kuti dzuwa landizunguza mutu, ndipo munthu wotere sangakhale pafupi ndi mabomba. Zuze anatembenuka n'kundiuza kuti ndikatenge bulangete langa.

Apo m'pamene ndinaloza. Ndinawauza kuti akayang'ane mchenga pakati pa dzenje lachiwiri ndi lachitatu. Wophulitsa anamasula mawaya ake, tonse tinatsika. Mapazi analipo, ang'onoang'ono, opanda nsapato, ndipo limodzi linaponda pambali penipeni pa waya wa bomba. Kadzidzi anawatsata chobwerera mpaka pamene anatulukira, kum'mawa, kumbali ya Lazalo. Anavula chipewa n'kupukuta nkhope.

Kadzidzi anayesa kunena kuti munthu mmodzi sangatseke dera lonselo. Mzungu wamkulu anayankha kuti kusaona n'kokhululukika, koma kunama ayi. Masana omwewo Lazalo anakwera kumbuyo kwa galimoto yopita ku boma, chitupa chake chili m'thumba la dalaivala. Anatiuza kuti kumeneko amupatsa chikalata chobwererera kwawo. Ndinathamangira galimotoyo kuti ndimupatse nsapato zanga, popeza zake zinali zitatha. Anazilandira osandiyang'ana.

"Ukauze amai kuti nili bwino," anatero, galimoto n'kunyamuka.

Mawa lake anawonjezera ambendera atatu.

Ndinakhalako miyezi ina isanu. Ndinafunsa dalaivala, anati anamusiya pakhonde la boma. Ndinafunsa Zuze, anangoyang'ana kumbali. Tikamasamuka msasa n'kudutsa anthu ophwanya miyala, ndinkayang'ana mapazi awo kufuna nsapato zanga, koma onse anali opanda nsapato. M'makalata ndinkalembabe kuti tonse tili bwino. Kangapo ndinayamba kulemba zoona, koma ndikaganiza za mkulu wa mpingo akuziwerenga pakhonde, ndinkang'amba. Ndinkadzinamiza kuti mwina Lazalo wafika kale kunyumba ndipo wandikwiyira chabe. Ngati mafutawo anawapeza, ife sanatiuze. Mvula itayandikira anatibwezera zitupa n'kutikweza lole.

Ndinatsika ku Matero masana, sutikesi paphewa. Anthu a pa msika amene anandidziwa kuyambira ndili mwana anayankha moni wanga ndi mutu wokha. Mayi wina anakoka mwana wake n'kumulowetsa m'nyumba. Pa nyumba ya Lazalo panali makatani achilendo ndi ana achilendo. Kwathu ndinapeza chitseko chotseka dzuwa lili pamutu, windo limodzi litakhomedwa ndi katoni.

Enelesi anali ataonda. Anandilandira sutikesi, anatseka chitseko, ndipo funso lake loyamba silinali la ulendo.

"Ba Lazalo ali kuti?"

Kenako anandifotokozera. Makalata a Lazalo atasiya kubwera ndipo ndalama zitaima, kansala inatulutsa mayi ake m'nyumba, n'kupita kukamanga kachisakasa ku Kalingalinga. Anthu anayamba kukumbukira makalata anga. Galimoto yopanda mawindo. Kanyale kofiira. Mabotolo. Mawaya a mbandakucha, anthu othawa. Masiku amenewo m'makomboni munali mbiri ya banyama, amene bambo ankawatcha anamapopa, anthu ogwirira ntchito azungu amene amagwira anzawo n'kuwapopa magazi. Tsopano Matero yense ankadziwa kuti Yotamu Phiri anatenga mnzake n'kukamugulitsa, ndipo umboni analemba yekha ndi dzanja lake.

"Pa mpopi nikafika, onse amachoka," anatero Enelesi. "Maliya alibe wosewela naye. Miyala inayamba mwezi watha. Sinigona, nimangomvela ngati abwela na palafini."

"Nanga osanilembela bwanji?"

"Nilembe na dzanja la ndani? Amene anali kulemba ndiye anayamba kukamba."

Ine ndinkaganiza kuti woopa ndinali ine ndekha, kutali m'tchire, ndipo kunyumba anthu akugona tulo. Sindinadziwe kuti mkazi wanga anakhala miyezi yonseyi akugoneka mwana pansi pa tebulo, kutali ndi windo.

Mawa lake m'mawa, kunja kunasonkhana amuna. Sankakuwa, anangoima tsidya la msewu, ena atagwira timitengo. Mmodzi, amene ndinaimba naye kwaya zaka zambiri, anafuula kuti, "Ba Phiri, tionetseni vamene vili mu sutikesi!" Mwala unagwa padenga. Ndinabisala kuseri kwa chitseko, ndipo ndinazindikira kuti ndauma ngati lipenga lalira.

Bambo ndiwo anatuluka, ndodo m'manja. Anauza anthuwo kuti mwana wawo akupita kukalankhula ndi mwini nkhani, ndipo wofuna kumumenya adikire mwini nkhaniyo anene. Atalowa anandifunsa mwa Chichewa cha kwawo.

"Unamupha?"

"Ayi bambo."

"Koma ulipo mlandu wako?"

"Ulipo."

"Ndiye nyamuka. Ukanene wonse, usakasiyeko."

Ndinadutsa pakati pa amuna aja, ndipo anandipatsa njira. Kuchokera ku Matero kukafika ku Kalingalinga ndi kudutsa tauni yonse. Ndinayenda wapansi. Mayi a Lazalo ndinawapeza panja pa kanyumba kadothi kofolera ndi migolo yophwanya, akusenda mtedza wogulitsa. Atandiona sanadzidzimuke. Anandilozera mwala woti ndikhalepo.

Ndinanena zonse. Zakuti ndinamunyengerera chifukwa cha mantha anga, za maenje asanu ndi anayi, za mayi wa nkhuni, za bodza lake, za chala changa choloza mchenga, za makalata anga onama. Manja awo sanasiye kusenda mpaka ndinamaliza.

"Uja mzimai anali na mwana kumsana?"

"Inde amai."

"Anapita bwino?"

"Anapita bwino."

Anasiya kusenda.

"Lazalo anakwela motoka na miyendo yake?"

"Na miyendo yake."

"Ndiye simunaone mtembo."

Anakutumula makoko pa chitenje, anatseka chitseko ndi waya, n'kundiuza kuti nditsogole. Tinayenda ulendo wonse wobwerera ku Matero, iwo akupumira m'njira chifukwa cha miyendo. Titafika, amuna aja anali akadalipo, ndipo anawonjezeka. Mayi a Lazalo anangowadutsa. Anaitana Enelesi kuti atenge ndowa, anapita naye pa mpopi, anatunga limodzi, n'kubwera kudzakhala pakhonde pathu. Anapempha kapu n'kumwa madzi, anthu onse akuona. Kenako anakweza mawu.

"Mwana wanga anamutenga ni boma la Apwitikizi. Amene afuna kuponya mwala ayende akaponye kuja."

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Ndinagwada kuti ndithokoze, koma anandiletsa ndi dzanja.

"Sininachitile imwe. Ni uyu mkazi wanu. Chichokele mu nyumba ija, Chiwelu chilichonse amabwela ku Kalingalinga na unga, na mwana kumsana, pamene ba mpingo onse ananiiwala." Ndinayang'ana Enelesi. Zimenezo sanandiuze. "Imwe muzalemba makalata ku boma ija mwezi uliwonse. Ndipo mu nyumba yanga simuzalowa mpaka Lazalo abwele."

Miyala inasiya, koma moni sanabwerere. Anthu amene anatiponya miyala ankachita manyazi kutiyang'ana, ndipo manyaziwo anasanduka chidani china chachete. Chaka chisanathe tinasiya nyumba ya kansala imene ndinapitira ulendo wonsewo, n'kusamukira ku Kalingalinga, kumene ndinayamba kukumba zitsime ndi manja. Ndikukhala komweko mpaka lero. Makalata ndinalemba, oyamba m'Chingerezi, ena ondimasulira wansembe wina wodziwa Chipwitikizi. Yankho linabwera kamodzi, la mizere iwiri, lakuti dzina limenelo mulibe m'mabuku awo. Ufulu utabwera m'dziko lija ndinalemberanso maofesi atsopano. Nkhondo itayamba kumeneko ndinkapita kumene kwafika othawa, n'kumafunsa za munthu wamtali wa mpata kumano, wolankhula Chinsenga. Ena ankati anamuonapo ku minda ya nzimbe, ena ku doko. Palibe amene anali wotsimikiza.

Mayi a Lazalo anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi zitatu. Ndinawakumbira chitsime, ndinawafolerera nyumba ndi malata, ndikugwira ntchito yonse ndili kunja ndi pamwamba. Enelesi ndi ana ankalowa ndi kutuluka ngati kwawo, ndipo mwana wathu wachiwiri anabadwira m'nyumba imeneyo ine ndili pamwala uja panja. Ankandipatsa chakudya pakhomo, ankaseka nane, ankanditcha atate ake Maliya. Atadwala matenda omaliza, Enelesi anawafunsa ngati ndingalowe kudzawaona. Anati atsegule chitseko kuti azindiona ndili pomwepo, ndipo tinacheza choncho masiku anayi, iwo pamphasa, ine pakhomo.

Ndinalowa m'nyumbamo tsiku la maliro. Pankafunika amuna anayi onyamula bokosi, ndipo pa malo a mwana wawo panalibe wina woti agwire.